Chala Changa cha Mkombaphala

Lolemba, 3 Marichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachisanu kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala. Ndinawatuma abambo akunyumba buku la nyimbo, iwo n'kubwera ndi ili. Palibe kanthu, ndilembamo za ine, nanenso ndiyezedweko.

Vuto ndi chala cha mkombaphala cha kumanzere. Singano ya makina inandilowa pambali pa chikhadabo masiku khumi apitawo ndikupinda mwendo wa jinzi. Zaka makumi atatu ndili pa makina, yandibaya kosawerengeka, koma ulendo uno chala chatupa mpaka kunyezimira, ndipo dzanja likugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Kutentha kwa thupi 39.2.

Adokotala ndi mayi wamtali wosachulutsa gaga m'diwa. Andiuza mosapsatira kuti mafinya akafika pafupa, kapena akadya mtsempha umene umapinditsa chala, achidula. Chala chimenechi ndi chomwe chimatsogolera nsalu pansi pa singano. Telala wopanda chala ichi ndi telala wa dzina chabe. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Asanandipatse chilichonse anabwera anesi aafupi, a magalasi a chingwe, n'kundifunsa ngati pali mankhwala amene amandikana. Ndinayankha kuti amene amandikana ndi alamu anga okha. Sanaseke. Anafunsanso pang'onopang'ono: kodi ndinatulukapo zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kubanika nditamwa makapisozi kapena nditabayidwa penisilini? Ndinati ayi. Anafunsa kachitatu, m'mawu ena, kenako n'kulemba.

Andibaya jakisoni wa kafumbata. Andiika kapaipi pamtsempha wa dzanja lamanja. Mankhwala ake ndi amokisisilini wophatikiza ndi mnzake wotchedwa kilavulaniki, magalamu 1.2, maola asanu ndi atatu alionse: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ku fiyeta. Ang'amba chala, achotsa mafinya, atsuka. Ena a mafinyawo atumiza ku labu. Dzanja alipachika m'mwamba pa chitsulo cha diripi, ndikungooneka ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. 38.8.

Anesi aja anthu muno amawatcha Sisitala Wotchi. Ndaona chifukwa chake. Nthawi ya 2 koloko ikamakwana, tayala la tebulo lawo la mankhwala limakhala likulira kale pakhomo.

Anagwira mkono wanga ndi kuseri kwa dzanja lawo, kufufuza pamene pakuthera kutentha ndi kutupa, n'kujambulapo mzere ndi bolopeni, pamwamba pang'ono pa mfundo ya dzanja. Analembapo tsiku ndi nthawi. Akuti kutupa kukadumpha mzerewo, ndiwauze msanga. Mzere wake wowongoka bwino, wopanda rula.

Ndatopa.

Lachitatu, 5 Marichi

Kwadumpha. Pang'ono, ngati mulifupi mwa chala chaching'ono. Ndinaona ndikudzuka.

Sisitala Wotchi sanadzidzimuke. Anajambula mzere wachiwiri, n'kuitana adokotala. Adokotala anatsegula bala, anafinya, anatsukanso. Ululu wake sindiulemba. Akuti masiku awiri oyamba zimatheka kutupa kupitirirako pang'ono mankhwala asanagwire bwino, koma mawa kukadumphanso tibwerera ku fiyeta ndipo tikakambirana zina. Zinazo ndikuzidziwa.

Atachoka, Sisitala anakoka mpando n'kundifunsa chimene ndinamwa kunyumba masiku khumi aja. Ndinayamba kuzungulira, iwo akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Basi ndinaulula. M'kadirowa ka makina, momwe ndimasungamo mabobini, munali makapisozi a amokisisilini otsala pamene abambo anazulitsa dzino chaka chatha. Ndinamwa limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku awiri, pamodzi ndi mapiritsi opha ululu. Lina ndinalitsegula n'kuthira ufa wake pabala, monga timachitira tonse pamzere wathu wa mashopu. Tsiku lachitatu ndinasiya.

Anafunsa chifukwa chimene ndinasiyira. Ndinati ndinali nditapeza bwino.

"Mayi, kupeza bwino ndi kwina, kuchira ndi kwina," anatero. "Kupeza bwino mumamva ndinu. Kuchira timaona ndife."

Akuti chimene chinandipezetsa bwino ndi opha ululu aja, pomwe mafinya anali kusonkhana pansi. Ufa wa kapisozi pabala sugwira ntchito, mankhwalawa amayenera kuyenda m'magazi. Ndipo masiku amene ndinataya ndikudzichitira udokotala ndi amene andifikitsa pano. Sanakalipe ngakhale pang'ono, koma bola akanakalipa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndiye ineyo.

Lachinayi, 6 Marichi

Sikunadumphe. Kwaima pa mzere wachiwiri. 38.1.

Ndakhala tsiku lonse maso ali pamkono, mpaka mnzanga wa bedi lachinayi wandiseka kuti ndiuboola ndi maso. Mayi ameneyu anathyoka mwendo atagwa pa masitepe a kuntchito kwake, ndipo ali muno sabata yachitatu. Muwodi amamutcha Wailesi, pakuti amatsegula 5 koloko m'mawa ndipo alibe batani lozimitsira. Amadziwa matenda a aliyense, mwamuna wa aliyense ndi amene sanabwere kudzazonda ndani.

Abambo abweretsa buledi, nthochi ndi tiyi wa m'fulasiki wotsekemera ngati akufuna kundipha ndi shuga. Anakhala pampando osayang'ana dzanja langa. Akuti shopu atseka bwino, makina aphimba ndi nsalu. Atanena za makina anatembenukira kuzenera.

Lachisanu, 7 Marichi

37.6. Kutupa kwabwerera pansi pa mzere woyamba, khungu layamba makwinya. Wailesi analengeza ku wodi yonse ine ndisanatsegule pakamwa.

Za ku labu zabwera. Akuti tizilombo take ndi bakiteriya amene amakhala pakhungu la munthu aliyense osavuta, koma singano inawalowetsa m'kati. Mankhwala amene ndikulandira akugwirizana nawo. Ndinafunsa adokotala, poti safunsa anadya phula, kuti nanga bwanji amokisisilini wa m'kadirowa anakanika pomwe wa muno akugwira, chikhalirecho dzina ndi limodzi.

Anandifunsa ntchito yanga, ndiye anafotokoza m'chinenero changa. Akuti bakiteriya aliyense amadzisokera chikhoti cholimba chomuzungulira, ndipo akamakula kapena kuswana amayenera kusoka china. Amokisisilini amagwira makina osokerawo kuti msoko usalumikizane. Chikhoti chimaphwasuka, kachilomboko n'kuphulika. Thupi la munthu lilibe chikhoti chotere, n'chifukwa chake mankhwalawa amapha iwo n'kutisiya ife. Koma bakiteriya ena, ngati anga, amayenda ndi sizasi imene imadula amokisisilini asanagwire ntchito. Kilavulaniki uja ntchito yake ndi kukakamira pa sizasiyo kuti isadule, mnzakeyo adutse.

Kanthu kosaoneka ndi maso kali ndi makina ndi sizasi, ndipo munthu wina anakhala pansi mpaka kutulukira pamene msoko wake umafooka. Ameneyo ndikanamusokera suti yaulere.

Ndinafunsa ngati ndine ndinawapatsa sizasiyo ndi makapisozi anga aja. Anati ayi, ambiri a mtundu umenewu ali nayo kale. Koma akuti nthawi iliyonse imene munthu amwa mankhwalawa mosayenera, ofooka amafa, a sizasi n'kutsala, n'kuswana, n'kufalikira kwa ena. Tsiku lina mwana adzadwala chibayo mankhwala n'kukanika. Anandiuzanso kuti za chala sitinathane nazo. Lolemba ajambula ekisire kuti aone fupa.

Loweruka, 8 Marichi

Lero ndikanapha munthu.

Sisitala Wotchi anapempha kuti abambo abweretse makapisozi otsala aja kuti awaone. Anabwera nawo masana m'kapepala ka pulasitiki, asanu ndi awiri, n'kuwasiya pakabati kanga poti Sisitala anali kumapeto kwa wodi. Wailesi wakhala ndi chimfine chiyambire dzulo, mamina tolotolo. Atawaona anati ndimugawireko awiri, chimfine chithe msanga, anesi asavutike ndi zazing'ono. Ine ndi mtima wanga wa chifundo, ndi zonse ndamva sabata ino, ndinatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti awiri okha alibe kanthu.

Sindikudziwa kuti Sisitala anafika bwanji. Ndinangoona dzanja lawo litatseka kapepalako. Anagwira mkono wa Wailesi n'kundionetsa kachibangili kofiira ka pulasitiki kamene ndakhala ndikukaona masiku onsewa osafunsa. Kamatanthauza kuti penisilini amamukana. Ali mtsikana anabayidwa, anatupa nkhope ndi lilime, anatsala pang'ono kupita.

Wailesi anati iye amakanidwa ndi jakisoni, osati makapisozi. Sisitala anati amokisisilini ndi penisilini ndi pachibale, mimba imodzi, ndipo thupi lake silisiyanitsa kuti uyu wabwera pa singano, uyu wabwera pakamwa. Anawonjezera kuti chimfine chimayamba ndi mavairasi, amene alibe chikhoti chija, ndiye kapisozi silikanapeza chophwasula. Akanaika moyo pachiswe popanda phindu lililonse.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Mankhwala si mchere wopemphana pa mpanda, mayi. Amalembedwa dzina la munthu mmodzi."

Anawerenga tsiku pa kapepalako. Anatha mphamvu mwezi wa Okutobala. Anawatenga kuti akawataye ku famase. Wailesi wakhala chete ola lathunthu, chinthu chimene wodi ino sinaonepo. Madzulo ndamupatsa malalanje anga onse, ndilibe njira ina yopepesera.

Lamulungu, 9 Marichi

37.0. M'mimba mwatseguka, kanayi chiyambire m'mawa. Kukoka chitsulo cha diripi kupita kuchimbudzi ndi dzanja limodzi si masewera.

Pa 2 koloko ndinabisa mkono m'bulangete n'kunena kuti lero andipumitseko, thupi lazizira kale, mawa tipitiriza. Sisitala Wotchi anangoima ndi sirinji yawo. Anafunsa ngati muli magazi, ngati m'mimba mukupota kwambiri, ngati ndikutha kumwa madzi. Magazi mulibe, kupota n'kochepa. Akuti mankhwalawa amasesanso bakiteriya abwino a m'matumbo, n'chifukwa chake ambiri amatsegula. Ndizimwa madzi ambiri ndi a mchere ndi shuga amene anandisungunulira. Koma kukakhala kwa madzi okhaokha kosalekeza, kapena kwa magazi, ngakhale nditatuluka kale, ndisadzamwe zoletsa ndekha, ndidzabwere.

Za kupuma anakana. Akuti mankhwala amachoka m'magazi pakapita maola, impso zimawataya, ndiye ukadumpha nthawi umapatsa tizilombo mpata womaliza kusoka. Ndinatulutsa mkono.

Ndawerenga: lero apereka mankhwala kwa anthu makumi awiri ndi mmodzi. Aliyense amamufunsa dzina ngakhale akumudziwa, amawerenga botolo kawiri, amayang'ana kachibangili. Kwa wachikhumi ndi chisanu ndi chitatu amachita ndendende ngati kwa woyamba. Ine diresi lachisanu pa tsiku ndimayamba kuba mpendero. Mayi uyu saba.

Abambo abweretsa mpunga woyera ndi nkhuku yowiritsa. Mpunga anaphika okha, umachita kuoneka.

Lolemba, 10 Marichi

Ekisire 9 koloko. Ndinadikira pa benchi maola awiri. Adokotala anakweza chithunzi pa galasi lowala, anachiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana nkhope yawo.

Fupa ndi loyera. Chala sachidula.

Ndinafuna kulira koma anapitiriza kulankhula. Akuti mtsempha wopinditsa chala unakhala m'mafinya masiku ambiri, ndipo nthawi zina umamatirira. Chala chikhoza kutsala chowongoka ngati ndodo, chilipo koma chosagwira ntchito. Tiona bandeji yaikulu ikachoka. Ndiye chimwemwe changa chabwera ndi mchira.

Achotsa kapaipi. Tsopano ndi mapiritsi a mankhwala omwewo, mamiligalamu 625, katatu pa tsiku, masiku ena asanu ndi awiri. Sisitala anandifunsa kuti katatu pa tsiku ndi liti. Ndinati pa kadzutsa, pa nkhomaliro ndi pa mgonero. Anafunsa nthawi imene ndimadya ndikakhala ku shopu. Ndinaulula kuti kadzutsa amatha kukhala 11 koloko, nkhomaliro 4 koloko, mgonero 7 koloko. Anawerenga pa zala zawo: katatu m'maola asanu ndi atatu, kenako maola khumi ndi asanu ndi limodzi opanda kanthu. Akuti tsiku la mankhwala lili ndi maola makumi awiri ndi anayi, silithera pamene dzuwa lalowera.

Zimene andiuza ndilembe, ndingaiwale. Nthawi zake ndi zomwe zija, 6, 2 ndi 10. Ndizimwa ndikuyamba kudya, ngakhale kabuledi, kuti m'mimba musavute. Ndikaiwala ndimwe pomwe ndakumbukira, koma ngati nthawi ya lotsatira yayandikira ndingodikira, osamwa awiri pamodzi. Zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, ndisiye ndithamangire kuno. Maso kapena mkodzo zikasintha mtundu, ndibwere. Ndimalize masiku onse amene alemba, ndipo pasatsale lakuti ndisunge.

Anandiuza kuti ndibwereze zonse ngati mwana wa sitandade wani. Ndinalakwitsa chimodzi, tinayambiranso.

Lachiwiri, 11 Marichi

Achotsa bandeji yaikulu. Chala chaonda, chasenda khungu, chikuoneka ngati si changa. Bala ndi louma.

Anabwera bambo wophunzitsa mafupa ndi minofu kuyenda. Anati ndipinde. Ndinalamula chala, chala chinangondiyang'ana. Mfundo yapakati inagwedera pang'ono, yakumapeto ayi. Wandipatsa kasiponji koti ndizifinya kakhumi pa ola lililonse, dzanja lili m'madzi ofunda.

Ndafinya mpaka thukuta. Palibe chimene ndikuona.

Abambo anati ndisadandaule, tikhoza kugulitsa makina n'kuyamba kugulitsa nsalu, poti nsalu ndimazidziwa. Ananena mwachikondi. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, ndipo anapita osamaliza tiyi. Ndalakwa, koma sindikufuna kuyeza nsalu kuti akasoke wina.

Lachitatu, 12 Marichi

36.8. M'mimba mwakhazikika. Mapiritsi 6, 2, 10. Siponji. Mfundo yapakati ikupinda theka. Yakumapeto, mwina, kapena ndi maso anga.

Ndapepesa kwa abambo. Anati anazolowera.

Akuti mawa nditulutsidwa. Wailesi wanditumiza kuti ndidzamusokere siketi yobisa mwendo wake wowonda. Ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndikuopa kukavundukula makina aja. Ndikuopa kuposa mmene ndinkaopera fiyeta.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndamwa la 6 koloko ndi buledi. Katundu ndamanga. Mapiritsi otsala andiwerengera, bokosi alemba dzina langa ndi tsiku lomaliza. Ndibwerenso Lachinayi likudzali kudzaonetsa bala.

Cha m'ma 9 koloko, ndikudikira kalata yotulukira, Sisitala Wotchi anabwera atanyamula juzi yawo ya buluu. Anati batani lathothoka, ndipo muwodi muli telala, ndiye apitirenji kwina. Anaika pabedi batani, singano ndi ulusi, n'kupita kukapereka mankhwala osadikira yankho.

Ndinakhala ndikuyang'ana singanoyo. Ndinaitola ndi dzanja lamanzere kuti ndilowetse ulusi, pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala, monga ndachitira moyo wanga wonse. Inagwa. Ndinaitolanso, inagwera m'bulangete, Wailesi n'kundilozera pamene yagwera. Kachitatu chala chinapinda pang'ono, ululu unafika mpaka m'chigongono, koma singano inakhala. Ulusi unalowa pa ulendo wachisanu ndi chimodzi.

Kenako ndinasamutsira singano kumanja, mkombaphala n'kukanikiza batani pa nsalu kuti lisathawe. Linathawa kawiri. Ntchito ya mphindi imodzi inanditengera mphindi makumi awiri ndi zisanu. Batani lakhala mopendekera, ndipo kuseri kuli mfundo yoti wophunzira wanga atapanga ndikanamumasulitsa. Pa mabatani onse ndasoka pa zaka makumi atatu, loipa kwambiri ndi limeneli. Ndinalira, misozi kugwera pa juzi ya eni ake.

Ndikupukuta m'pamene ndinaona ulusi wakale umene unatsalira pa nsalu. Batani likathothoka lokha, ulusi umanyenyeka, umasiya timaubweya. Uwu unali wodulidwa bwinobwino, nsonga zonse zinayi zofanana. Ndi lezala imeneyo.

Atabwera anavala juziyo, anamanga batani, analikoka kuti aone ngati lalimba. Ndinawauza kuti telala sanamizidwa pa nkhani ya ulusi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere muno ndinaona mano awo.

"La 2 koloko likupezani muli m'basi," anatero. "Madzi ndi buledi muli nazo?"

Ndili nazo.